Njira ya pa Mchenga wa Morecambe ndi Namulondola Wake

Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka, koma nyanja zamchere zili ndi khalidwe lina. Chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, madzi ake amaphwa ndi kudzazanso kawiri pa tsiku. Kumpoto chakumadzulo kwa England, pa gombe la Morecambe Bay, madziwo akaphwa amasiya poyera mchenga waukulu pafupifupi masikweya kilomita 310, ndipo kwa zaka mazanamazana mchenga umenewu ndiwo unali msewu wa anthu.

Wochoka ku Lancaster kupita ku dera la Furness anali ndi njira ziwiri: kuzungulira mtunda wautali m'mapiri, kapena kudikira kuti madzi aphwe ndi kudutsa pakati. Ambiri ankasankha yachidule, ena wapansi, ena pa akavalo ndi ngolo. Koma chidule chimenechi chinameza anthu osawerengeka. Madzi akamabwerera amayamba adzaza makwawa a kumbuyo kwa munthu, iye osadziwa, mpaka adzidzimuke ali pa kachilumba komwe kakuchepa. Palinso mchenga wotitimira, wooneka wouma pamwamba koma wogwira miyendo ngati ulimbo. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, koma mtsinje wa Kent umene umadutsa pamchengapo umaiwala lake kawirikawiri: pamene munthu waoloka bwino sabata ino pakhoza kukhala manda ake sabata yamawa.

Njira yotere singajambulidwe pa mapu. Imakhala m'mutu mwa munthu amene waiyenda dzulo. N'chifukwa chake amonke a ku Cartmel ankasunga munthu woolotsa apaulendo. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba za amonke m'zaka za m'ma 1530, ntchitoyo sinafe nazo. Inatengedwa ndi ofesi yoyang'anira chuma cha mfumu ya Duchy of Lancaster, ndipo mu 1548 Thomas Hogeson anaikidwa kukhala namulondola wovomerezeka. Njanji itafika mu 1857, apaulendo anasiya mchenga n'kukwera sitima, koma udindowo unakhalabe.

Wotchuka mwa onse amene anaugwira ndi Cedric Robinson, msodzi wa m'mudzi wa Flookburgh, yemwe anatumikira kuyambira 1963 mpaka 2019, zaka 56. Malipiro ake anali mapaundi 15 pa chaka, kuphatikizapo nyumba ya Guide's Farm ku Kents Bank; zoonadi, sizinali ndalama zimene zinkamudzutsa m'mawa. Ulendo usanachitike ankayamba wapita kukayesa nthaka ndi ndodo, n'kuzika nthambi za mtengo wa laurel monga zizindikiro, popeza masamba ake sayoyoka msanga m'madzi amchere. Anaolotsa anthu miyandamiyanda, ambiri mwa iwo oyenda pofuna kusonkha ndalama zachifundo, ndipo mu 1985 anatsogolera Prince Philip amene anaoloka pa ngolo ya akavalo.

Usiku wa pa 5 February 2004 unaonetsa zimene mchengawo umachita kwa alendo opanda wowatsogolera. Gulu la anthu ochokera ku China, amene anabwera mozemba n'kumagwiritsidwa ntchito yotola nkhono pa malipiro ochepetsetsa, linatsekerezedwa ndi madzi mumdima. Anthu 23 anafa. Sankadziwa nthawi ya madzi, ndipo ambiri sankatha Chingerezi choti n'kuitanira thandizo. Kapitawo wawo, Lin Liang Ren, analamulidwa mu 2006 kukhala m'ndende zaka 14, ndipo ngoziyo inafulumizitsa lamulo la 2004 lokakamiza olemba anthu ntchito zotere kukhala ndi chiphaso.

Robinson anamwalira mu 2021. Ndodo anali ataisiya kale mu 2019 m'manja mwa Michael Wilson, nayenso msodzi wa ku Flookburgh komweko.