Ana a ku Chitipa ndi Maphunziro a Luso

Boma la Chitipa lili kumpoto kwenikweni kwa dziko la Malawi, pakati pa malire a Tanzania ndi Zambia. Ndi dziko la mapiri ndi zigwa, kumene kumakhala Alambya, Andali, Asukwa, Anyiha, Anamwanga ndi Atumbuka. Pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, malo amene pali boma ankatchedwa Fort Hill. Nkhani ino ifotokoza m'mene anyamata ndi atsikana a dera limeneli akhala akuphunzirira luso la manja ndi la makina, ndiponso kumene lusolo linawafikitsa.

Sukulu ya pa chipala

Azungu asanafike, ana ankaphunzira luso kwa makolo ao. Anyiha anali otchuka pa ntchito yosula. Iwo ankamanga ng'anjo zadothi, kuikamo miyala yachitsulo pamodzi ndi makala, nasonkha moto mpaka chitsulo chitalekana ndi zinyalala zake. Mabwinja a ng'anjo zotere akupezekabe m'mapiri a Nyika. Mnyamata wosinkhuka ankayamba ndi kutola makala ndi kupopa mvukuto. Pambuyo pake ankaloledwa kugwira nyundo, mpaka atadziwa kusula khasu, nkhwangwa ndi mkondo. Mtsikana ankaphunzira kwa amake kuumba mbiya ndi kuluka mphasa.

Sukulu imeneyi inalibe mabuku, koma inali ndi ubwino umodzi waukulu. Chimene mwana anaphunzira chinali ndi ntchito pamudzi pomwepo, pakuti khasu limene anasula linkalima munda wa mbale wake.

Msewu ndi mishoni

M'chaka cha 1881 inayambika ntchito yolambula msewu wochokera ku Karonga kulinga ku nyanja ya Tanganyika. Msewuwo unatchedwa Stevenson, dzina la munthu wachuma wa ku Glasgow amene anapereka ndalama zake. Unakwera mapiri nudutsa m'dera la Chitipa. Mmisiri woyang'anira ntchitoyo, James Stewart, anamwalira mu 1883 msewu usanathe. M'zaka zomwezo a mishoni ya Livingstonia anatsegula malo ao ku Chirenje, kwa mfumu Mwiniwanda, ndipo mu 1894 anatsegula ena ku Mwenzo, kutsidya kwa malire, m'dziko limene lero ndi Zambia.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, waya wa lamya wa kampani ya Cecil Rhodes unatsata njira yomweyo. Tsono anthu anaona zachilendo: mitengo yachitsulo itaima m'tchire, ndi mau akuyenda pa waya mofulumira koposa mthenga aliyense. Makasu a m'sitolo anayamba kuchuluka, ndipo pang'ono ndi pang'ono moto wa m'ng'anjo unazima.

Ku Khondowe

Sukulu yaikulu ya luso latsopano inali ku Khondowe, m'boma limene lero ndi Rumphi. Dr Robert Laws anaitsegula mu 1894, ndipo inatchedwa Overtoun Institution. Ana amene anakhoza bwino m'sukulu za m'midzi ya kumpoto konse ankasankhidwa kupita kumeneko. Ochokera kutali ankayenda pansi masiku angapo, atasenza kamba ndi mphasa.

Laws ankakhulupirira kuti mutu ndi manja ziyenera kuphunzira pamodzi. Chifukwa chake, pambali pa kuwerenga, masamu ndi Chingerezi, anyamata ankaphunzira kupala matabwa, kuumba njerwa, kusema miyala, kumanga nyumba, kusula, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mau pa lamya. Wofuna umisiri ankalembedwa kuti akhale zaka zingapo pansi pa mmisiri wamkulu. Atsikana ankaphunzira kusoka ndi kusamala za pakhomo; ntchito za makina sanawapatse. Pofika 1905, ku Khondowe kunali madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, ndipo ophunzira ankaona ndi maso ao m'mene zinthuzi zimagwirira ntchito.

Luso lipita kunja

Mnyamata wotuluka ku Khondowe anali munthu wosinthika. Ankatha kulemba kalata, kuyesa thabwa ndi kuwerengera malipiro ake. Koma pobwerera kwao anapeza kuti palibe womulemba ntchito. Kumpoto kunalibe mafakitale, ndipo minda ikuluikulu ya Azungu inali kummwera. Msonkho nao unali kumudikira chaka ndi chaka.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amisiri, makalaliki ndi odziwa lamya anabalalika kupita ku Tanganyika, ku Katanga, ku migodi yamkuwa ya ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. M'zaka za m'ma 1930 ambiri a kumpoto anathamangira ku migodi yagolide ya ku Lupa, ku Tanganyika. Ena anatchuka kwambiri. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town mu 1919. Donald Siwale wa ku Mwenzo anakhala mmodzi wa oyamba kulankhulira anthu akuda ku Northern Rhodesia.

Apaulendowa ankatumiza kwao ndalama, nsalu ndi njinga, ndipo ambiri analipirira abale ao sukulu. Komabe nyumba zimene anamanga zinali za m'maiko a eni. Kumudzi kunatsala akazi, ana ndi nkhalamba, ndipo ena mwa opitawo anasanduka matchona osabweranso.

Masiku a ufulu

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Fort Hill linachoka nilowa la Chitipa. Mu 1994 boma linachotsa malipiro m'sukulu za pulayimale, ndipo ophunzira m'dziko lonse anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana anadzaza m'makalasi, koma zipangizo zinachepa, kotero kuti ambiri anaphunzira za nyundo ndi magetsi pa bolodi pokha. Mu 1999 kunakhazikitsidwa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a umisiri, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a umisiri m'maboma. Msewu wa Karonga ndi Chitipa unathiridwa phula pambuyo pa 2010, patapita zaka zoposa 120 chiulambulireni. Mu 2023 boma linayamba kupereka matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu.

Chitsanzo cha ku Kasungu chionetsa chimene mwana wa msinkhu umenewu angathe. Ku Wimbe, William Kamkwamba analeka sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa ndalama. Cha m'ma 2002, ali mnyamata wamng'ono, anawerenga buku la m'laibulale, natola zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale, napanga makina a mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake.

Mbiri imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, m'mera mpoyamba: luso limene mwana agwira ndi manja ake ali ndi zaka 12 kapena 14 silimuchoka. Chachiwiri, luso limatsata ntchito, ndipo kumene kulibe ntchito silikhala. Alimi a khofi a ku Misuku afuna wokonza makina opunthira khofi. Midzi ya ku Nthalire, Wenya ndi Kameme ifuna wokonza mijigo, zigayo ndi magetsi a dzuwa. Makolo amene atumiza ana ku sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, achita bwino. Achitanso bwino koposa akamapereka ntchito zotere kwa amisiri a pamudzi pao ndi kuwalipira moyenera, kuti mwana wophunzira apeze chifukwa chokhalira kwao.