Duwa la £1,850 ku England, la pa chitini ku Nyika

Mwezi wa February ku England kumazizira koopsa, koma ndi nthawi yomwe minda yakale ya maluwa imatsegula zipata zake. Anthu amavala majasi n'kukagwada m'matope kuti aone kaduwa koyera kozyolika kotchedwa snowdrop, ndipo potuluka amagula anyezi wake m'timiphika. Mu February 2022 anyezi mmodzi yekha wa mtundu wa Golden Tears adagulidwa pa £1,850 pa eBay.

Mwezi womwewo kuno dzinja limakhala lili pakati. Mukaima pagombe la Sangilo, kummwera kwa Chilumba m'boma la Karonga, n'kufulatira nyanja, maso amagwera pa mapiri okwera ku Nyika. Kumtunda kumeneko udzu umakhala utadzaza maluwa a orchid, mitundu pafupifupi 200. Nawonso ali ndi owasaka, koma athuwa amawayeza pa chitini ndipo amathera m'mbale. Timbatata take ta pansi ndi tomwe amapangira chinaka, chomwe ena amati chikande ndipo ku Zambia amati chikanda.

Nkhani yoti maluwawa akutha ikabuka, yankho limakhala lokonzeratu: makolo athu adakumba kuyambira kalekale osachimaliza, ndiye chithe lero bwanji? Mbiri ya malondawa siyikugwirizana ndi yankho limeneli.

Zakale zenizeni n'zochepa m'mabuku. Oyamba kulemba za zomera za pa Nyika adali alendo osonkhanitsa maluwa. Alexander Whyte, yemwe adayambitsa munda wa zomera ku Zomba mu 1891, adakwera Nyika mu 1896 n'kutumiza zomwe adatola ku Kew, mumzinda wa London. Iye ankafuna maina atsopano a zomera. Za mphika wa amayi a Chiphoka a m'mapirimo sizinkamukhudza. Mu 1939 Audrey Richards, polemba za kadyedwe ka Abemba kumpoto kwa Zambia, adatchula chikanda ngati ndiwo wamba zodyera nsima pamene zabwino zasowa. Mu 1955 Jessie Williamson adachiika m'buku lake la zomera zothandiza za m'dziko la Nyasaland. Chithunzi chake n'chimodzi: mayi akumba zokwanira pakhomo pake, asinja, asakaniza ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi chidulo, atakasa pamoto mpaka zilimbe, basi. Kukumba kotereku dambo silinkakumva n'komwe.

Kaduwa ka ku England nako kadachokera kutchire. Mu 1874 Henry John Elwes adapeza mtundu wa maluwa akuluakulu m'mapiri a kumadzulo kwa Turkey, ndipo lero umatchedwa Galanthus elwesii. Munda wa banja lake, Colesbourne Park ku Gloucestershire, ndi umodzi mwa omwe amalandira alendo ndi kugulitsa anyeziyu mu February. Chilakolako chidakula mpaka m'zaka za m'ma 1980 anthu akumudzi ku Turkey ankazula anyezi mamiliyoni ambiri chaka chilichonse kuti akagulitsidwe ku Ulaya, mapiri ena n'kutsala mbee. Mu 1990 snowdrop adalowa m'ndandanda wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, ndipo kuyambira pamenepo ozula adaikiridwa malire.

Kwathu kuno boma lidakhazikitsa Nyika kukhala paki yoyamba m'dziko muno mu 1965, ndipo mu 1978 lidaikuza mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, midzi ina n'kusamutsidwa. Pa nthawiyo maso a aliyense adali pa mbidzi, ntchefu ndi akambuku. Woba woopedwa adali wa mfuti ndi msampha. Munthu wonyamula kakhasu ndi thumba ankaoneka ngati wongodutsa.

Zinthu zidatembenukira m'matauni a ku Zambia. Mtengo wa kopa utagwa, ntchito zitachepa ndipo nyama itakwera mtengo, chikanda chidachoka pakhomo n'kulowa mumsika. Chimadulika bwino ngati polony, choncho chidayamba kugulitsidwa m'zidutswa m'madepoti a basi, kenako m'masitolo ndi m'mahotela a ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Chakudya chomwe kale chinkanyozeka chidasanduka chonyadira. Madambo a ku Zambia atayamba kuperewera, ogula adaoloka malire: Tanzania, Congo, Angola, Mozambique ndi Malawi.

Kukula kwa malondawa kudaonekera poyera mu 2001. Akatswiri awiri a zachilengedwe adayenda m'midzi ya m'mapiri a kummwera kwa Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kufunsa okumba, ogula apakati ndi onyamula katundu. Adatsata matumba mpaka pachipata cha Tunduma ndi Nakonde. Kuwerengera kwawo kudasonyeza kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkalowa m'Zambia chaka chilichonse kuchokera m'dera limenelo lokha, ndipo mitundu yomwe idali pachiopsezo inkafika 85, makamaka ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Okumba eni ake ankadandaula kuti malo omwe kale ankapeza pafupi ndi mudzi adauma, tsopano akuyenda mitunda italiitali. Ma orchid onse ali m'ndandanda wa CITES, kutanthauza kuti thumba lililonse lodutsa malire limayenera kukhala ndi chilolezo. Koma timbatata tofiirira todzaza dothi m'thumba la saka timaoneka ngati mbatatesi zazing'ono, ndipo ambiri oona katundu sankadziwa kuti akuyang'ana duwa lotetezedwa. Ofufuza ena omwe adabwera pambuyo pake m'dera lomwelo adapeza kuti ambiri mwa okumba adali amayi amasiye ndi ana omwe makolo awo adatha ndi Edzi. Amenewa ndi omwe ankalandira ndalama yochepetsetsa pa mzere wonse wa malondawo.

Lipoti la akatswiri awiri aja lidagwedeza boma la Tanzania. Mu 2002 lidalengeza kuti chigwa cha pamwamba pa mapiri cha Kitulo chikhala paki, ndipo mu 2005 zidatheka. Idali paki yoyamba m'chigawo chotentha cha Africa kukhazikitsidwa makamaka chifukwa cha maluwa. Chidali chinthu chabwino, koma mpanda suchepetsa njala ya msika. Ogula ku Lusaka sadasiye kufuna chikanda, ndipo Nyika, yomwe mbali yake ina ili m'Zambia momwemo, ili ndi udzu wa mtundu womwewo ndi maluwa a mitundu yomweyo. Pofika 2009 aphunzitsi a ku Mzuzu adali atalemba kale zochenjeza kuti ma orchid odyedwa akuchepa m'Malawi.

Apa ndi pomwe mawu aja oti makolo sadachimalize amagwera. Duwali limakhala ndi timbatata tiwiri: kakale kofota komwe kadyetsa mmera wa chaka chino, ndi katsopano kolimba komwe kasunga moyo wa chaka chamawa. Wokumba amafuna katsopanoko. Akakachotsa, mmera watha. Chiyembekezo chimatsala pa njere, zomwe ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya m'kati mwake, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi bowa wina wosaoneka ndi maso wa m'dothi. Ngakhale zitamera, pamapita zaka duwa lisanaoneke. Mayi wokumba za ndiwo mvula itatha ankapeza njere zitamwazika kale. Wokumbira ogula amene akudikira ndi galimoto sadikira zimenezo. Amathamangira duwa likadali loonekera patali, chifukwa akachedwa mnzake amutsogolera.

Ine ndimaona kuti cholakwika chachikulu sichidali umbombo wa okumba koma kuchedwa kwathu tonse kuliona duwali ngati mbewu. Anyezi wa £1,850 uja sadazulidwe m'phiri. Adachokera m'manja mwa mlimi wa maluwa amene adatha zaka zambiri akukwatitsa mitundu. Alimi a snowdrop amadula anyezi mmodzi m'tizidutswa tambiri, kalikonse n'kutsala ndi kachigawo ka tsinde lake, amatisunga m'kathumba konyowa kwa miyezi itatu, ndipo kalikonse kamabala anyezi watsopano. Wogula wolemera amafuna wa m'nazale wodziwika dzina, osati wakutchire.

Orchid ndi wovuta kuposa pamenepo, ndipo kuyesa kudayamba mochedwa. Pakati pa 2016 ndi 2019 akatswiri a ku Kew ndi a Copperbelt University ku Kitwe adagwirira limodzi ntchito yomeretsa njere za chikanda m'mabotolo a mu labotale, ndi kuphunzitsa midzi ina kusamalira madambo ake. Mpaka lero chinaka chogulitsidwa m'misika ya kumpoto kuno ndi ya ku Zambia chimachokerabe kutchire.