Bwalo la ku Mua: Mbiri Yake ndi Funso kwa Ife Asilamu

Woyenda pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Golomoti kulowera ku Mtakataka, amadutsa pa mphambano yokhotera ku Mua. Kumeneko, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, kuli bwalo la magule ndi nyumba yosungiramo zachikhalidwe zimene zatchukitsa dera la Inkosi Kachindamoto mpaka kutsidya kwa nyanja zamchere. Malowa ndi a Akatolika, komabe mbiri yake ili ndi funso limene ife Asilamu tiyenera kuliyankha.

Ansembe a chipani cha White Fathers anafika koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1889. Anakhala kwa Mfumu Mponda, kumene Chisilamu chinali chitazika kale mizu, ndipo mu 1891 anachokako osaphula kanthu. Mu 1902 anabweranso n'kumanga misasa ku Mua, pakati pa Achewa ndi Angoni a Kachindamoto. Kuno mdani wawo wamkulu anali nyau. Ansembe ankafuna anyamata kusukulu, pamene akuluakulu a m'midzi ankawafuna kudambwe. Mkanganowu unafika pachimake m'zaka za m'ma 1920, monga momwe Ian Linden anafotokozera m'buku lake la mu 1974.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965 n'kulimbikitsa mpingowo kulemekeza miyambo ya anthu. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anafika ku Malawi mu 1967 n'kupatsidwa mfunda wa Chisale, anakhazikitsa Kungoni Centre of Culture and Art mu 1976. Anayamba ndi amisiri osema ziboliboli. Kenako panabwera gulu la ovina, bwalo lochitirapo zionetsero, ndi nyumba ya Chamare, imene inatchedwa dzina lokumbukira wansembe wina wakale amene anali mmisiri wa matabwa. M'nyumbamo muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Pamene UNESCO inavomereza gule wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse, nkhokwe yaikulu ya mbiri yake inali pa mishoni yomwe ija inalimbana nayeyo.

Zoterezi zinachitikaponso kwina. Mu mzinda wa Konstanz ku Germany, umenenso uli m'mphepete mwa nyanja, muli nyumba ya zisudzo imene chiyambi chake ndi sukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit, ya m'chaka cha 1607. Ana a sukulu ankachita masewero ophunzitsa chikhulupiriro. Chipanicho chinathetsedwa mu 1773, koma zisudzo zinapitirira, ndipo m'zaka zoyambira 2010 nyumbayi inagwira ntchito limodzi ndi gulu la Nanzikambe la ku Blantyre. Ku Konstanz ngakhalenso ku Mua chinsinsi n'chimodzi: chimene chamangidwira nyumba, n'kupatsidwa alembi ndi osamalira, chimakhalitsa kuposa amene anachiyamba.

Pano tinene mosapsatira. Msilamu sapembedza mizimu ndipo salowa m'mwambo uliwonse womuphatikiza Allah ndi china chake. Sitikunena kuti tikavine kapena timange bwalo la zisudzo pa mzikiti. Nkhani ndi iyi: m'nyumba ya Chamare muli gawo lofotokoza za Ayao, mtundu umene mbiri yake singalekanitsidwe ndi Chisilamu. Mlendo wofika ku Mua amamva za makolo athu kudzera m'khama la wansembe. Iye anachita mbali yake. Nanga ife tasunga chiyani ndi manja athu?

Chuma tili nacho. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa ophunzira ambiri amene anafalitsa chipembedzo m'midzi ya kunyanja. Mayi Mtumwa binti Ali anabweretsa tariqa ya Qadiriyya ku Nkhotakota cha m'ma 1929. Kuli sikiri, kuli makalata olembedwa ndi zilembo za Chiarabu, kuli mayina a amene anamanga mizikiti yoyamba ya udzu. Zambiri mwa izi zili m'mitu ya okalamba, ndipo janaza iliyonse imapita nazo kumanda. Ena mwa ife amatsutsa sikiri, ena amaiteteza. Koma kulemba chimene chinachitika si kugamula kuti n'chololedwa. Ophunzira a hadith anatiphunzitsa kale kufunsa kuti wanena ndani, ndipo iyeyo anamva kwa yani.

Abale ndi alongo anga, ntchitoyi siilira ndalama zambiri. Madrasa iliyonse ya ku Golomoti ndi ku Mtakataka ingathe kutuma ophunzira ake akuluakulu, atanyamula kope, cholembera ndi foni, kukakhala pansi ndi agogo: mzikiti uno unamangidwa liti, mwalimu woyamba anali ndani, anaphunzira kuti. Zolembazo zisungidwe mu mzikiti, pamalo posafika chiswe. Bambo Boucher anayamba ndi amisiri ochepa. Ifenso tiyambe ndi okalamba amene akali moyo. Allah atipatse mphamvu, pakuti Iye ndiye Wodziwa koposa.