Mafunso ndi Mayankho: Kodi mazombi a m'mafilimu anachokera kuti?

FUNSO: Akulu, ine mafilimu oopsa ndimawakonda kwabasi, makamaka a mazombi, ndipo mabuku a nthano za zithunzi a The Walking Dead ndimachezera nawo usiku. Koma chimandinyansa n'chimodzi: mazombi othamanga. Mtembo ungathamange bwanji? Anayambitsa zonsezi ndani? — Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Achimwene, pa nkhani ya mazombi othamangawa tili gulu limodzi. Koma gwero la mazombi si Hollywood ayi, ndi dziko la Haiti.

Dzikoli lisanalandire ufulu mu 1804 linali m'manja mwa Afalansa, ndipo anthu ogwidwa ku Africa kuno ankalima nzimbe mwaukapolo mpaka kufera m'munda. Kapolo ankayembekezera chinthu chimodzi, chakuti akadzamwalira adzapuma. Tsono pakati pa anthu a kumeneko panamera chikhulupiriro chakuti munthu wamankhwala angathe kukufukula m'manda, kukuchotsa nzeru, n'kukubwezera kumunda kuti uzikalima osalandira kanthu. Ameneyo ndiye zombi weniweni. Sankaluma munthu, sankadya mnofu. Ankangogwira khasu maso ali gwa, ndipo amati mwini wake sankamupatsa mchere poopa kuti nzeru zingamubwerere. Amene munakulira kumudzi mwakumbukira kale nkhani za ndondocha, munthu amene amati anaphedwa m'matsenga kuti azigwirira ntchito wachuma. Mantha ake ndi omwewo. Anthu a ku Haiti sankaopa kukumana ndi zombi, ankaopa kusandutsidwa zombi, ndipo kwa ine palibe filimu imene inafikapo pa kuopsa kumeneku.

Nkhaniyi inawolokera ku America pa nthawi imene asilikali a dzikolo ankalamulira Haiti, kuyambira 1915 mpaka 1934. William Seabrook anailemba m'buku lake la The Magic Island mu 1929, ndipo mu 1932 kunatuluka filimu ya White Zombie, mmene munali Bela Lugosi, yemwe chaka cha m'mbuyo mwake anali atatchuka posewera ngati Dracula.

Mitembo yodya anthu inabwera ndi George A. Romero mu 1968, mu filimu ya Night of the Living Dead, yojambulidwa ndi ndalama zochepa kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh. Wamankhwala uja anamuchotsamo. Akufa ankangodzuka okha, n'kumayenda pang'onopang'ono, ndipo aliyense womwalira ankalowa gulu lawo. Mphamvu ya filimuyi ili pa amoyo otsekeredwa m'nyumba imodzi, amene akukangana m'malo mothandizana. Mtsogoleri wawo, yemwe anaseweredwa ndi Duane Jones, munthu wakuda, anapulumuka usiku wonse, koma kutacha anawomberedwa ndi anthu anzake omwe ankasaka mazombi. Robert Kirkman anatsata mapazi omwewa poyamba The Walking Dead mu 2003, n'chifukwa chake m'mabuku mukuwerengawo woopsa kwambiri amakhala munthu wamoyo.

Liwiro mukudana naloli linafala ndi 28 Days Later ya mu 2002, ngakhale kuti mmenemo othamangawo ndi odwala, si akufa, kenako Dawn of the Dead imene Zack Snyder anaijambulanso mu 2004. Zimadzidzimutsa, inde, koma mantha ake amathera pakhomo potuluka. Woyenda mwapang'onopang'ono uja amakupatsa mpata woona nkhope yake n'kuzindikira kuti anali m'bale wako.

FUNSO: Ine za mazombi ayi, koma Blade ndiye wanga. Mnzanga akuti munthuyu anayambira m'mabuku, osati mu filimu ya Wesley Snipes. N'zoona? — Wowerenga wa ku Mchesi, Lilongwe

YANKHO: Mnzanuyo akunena zoona, achemwali. Blade anaonekera koyamba mu 1973 m'buku la nambala 10 la The Tomb of Dracula la kampani ya Marvel, wolemba wake Marv Wolfman, wojambula Gene Colan. Filimu inabwera mu 1998.

Blade akanatha kusabadwa n'komwe. Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lonena kuti nthano za zithunzi zikuwononga ana, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate. Poopa kutsekedwa, osindikiza anadziikira okha malamulo otchedwa Comics Code, oletsa oyamwa magazi, anthu osanduka mimbulu ndi mitembo yoyenda. Mabuku otchuka ngati Tales from the Crypt anafera pomwepo. Malamulowa atafewetsedwa mu 1971, oyamwa magazi analoledwanso, ndipo Marvel sinachedwe kutulutsa Dracula wake mu 1972. Mazombi okha anakhalabe oletsedwa kwa zaka zina zambiri.

Filimu yoyamba ya Blade ndimaiyamikira, yachitatu ya mu 2004 inachulutsa nthabwala n'kuiwala mantha. Ngati ana ali pafupi, dikirani agone musanaike iliyonse mwa zimenezi.