Pillay: mawu aulemu amene adasanduka dzina la banja kutsidya kwa nyanja

Pillay, lomwe ena amalemba kuti Pillai, ndi dzina lofala pakati pa Atamil amene makolo awo adachoka kummwera kwa India n'kukakhazikika ku South Africa, Mauritius, Singapore ndi Malaysia. Lero limalembedwa pa ziphaso ngati dzina la banja, koma kumene lidachokera silidali lotero.

M'Chitamil, mawu oti pillai amatanthauza mwana. M'kupita kwa nthawi adasanduka mawu aulemu oikidwa kumapeto kwa dzina la mwamuna, makamaka pakati pa Avellalar, gulu la eni minda m'dera lomwe lero ndi Tamil Nadu. Ku Kerala, mafumu a Travancore ankapereka ulemu womwewu kwa ena a gulu la Nair. Choncho Pillai sudali mfunda monga Phiri kapena Banda, koma chizindikiro cha gulu limene munthu wabadwiramo ndi malo ake pakati pa anthu. Pamwambo wawo, Atamil alibe dzina limodzi loyenda m'banja lonse: munthu amadziwika ndi dzina lakelake, ndipo patsogolo pake amaikapo chilembo choyamba cha dzina la bambo ake.

Ena adatuluka nalo m'India ngati amalonda. Naraina Pillai adafika ku Singapore ndi Stamford Raffles mu 1819, ndipo mu 1827 adakhazikitsa kachisi wa Sri Mariamman yemwe alipobe. Koma ambiri adanyamuka ngati antchito. Ukapolo utathetsedwa m'maiko olamulidwa ndi Britain mu 1834, eni minda ya nzimbe adayamba kulemba Amwenye pa mgwirizano wa zaka zisanu. Sitima ya Truro idafika ku Durban kuchokera ku Madras mu Novembala 1860 itanyamula anthu 342, ndipo pofika 1911 oposa 150,000 adali atatsika ku Natal.

Kumeneku n'kumene dzinali lidasinthira. Akalaliki a atsamunda ankalemba mayina monga momwe awamvera, kotero kuti kalembedwe ka Pillay kadakhazikika, monganso Gounder adakhalira Govender ndipo Mudali adakhala Moodley. Sukulu ndi maofesi a boma zitayamba kufuna dzina lachiwiri, mawu aulemu aja adapita kwa akazi ndi ana. Kutali ndi mudzi, kumene kudalibe wowadziwa, ena adadzitengera dzina lolemekezekali ngakhale silidali la makolo awo. N'chifukwa chake dzina la Pillay palokha si umboni wakuti munthu ndi mdzukulu wa Avellalar, kapena kuti eni dzinali onse ndi apachibale.

Ku Tamil Nadu zinthu zidalowera kwina. Periyar E. V. Ramasamy, mtsogoleri wa gulu la Self-Respect lomwe lidayamba mu 1925, ankaphunzitsa kuti mayina otere amalimbikitsa tsankho la chibadwidwe, ndipo iye mwini adataya dzina lake loti Naicker. Lero Atamil ambiri kumeneko salemba mayina a magulu awo. Motero dzina limene lidazilala kwawo lidamera mizu kuchilendo.

Mmodzi mwa olitchukitsa ndi Navi Pillay, yemwe adabadwira ku Durban mu 1941 ndipo dzinali adalitenga pokwatiwa. Mu 1995 adakhala mayi woyamba wosakhala mzungu kuweruza m'bwalo lalikulu la South Africa, kenaka adatsogolera bwalo la United Nations lozenga milandu ya kuphedwa kwa anthu ku Rwanda, ndipo kuyambira 2008 mpaka 2014 adali mkulu woona za ufulu wachibadwidwe m'bungwelo. Ku Mauritius, Ariranga Pillay adakhalapo mkulu wa oweruza, pomwe J. Y. Pillay adali wapampando wa Singapore Airlines kwa zaka zoposa 20.

Mabanja ambiri a Pillay ku South Africa tsopano amayankhula Chingerezi pakhomo, ndipo dzinali ndi chimodzi mwa zochepa zowalumikiza ndi dziko la makolo. Ofuna kudziwa kwawo kwenikweni amafufuza m'ndandanda wa okwera sitima womwe udasungidwa ku KwaZulu-Natal. Mmenemo mudalembedwa dzina la wantchito aliyense, dzina la bambo ake, zaka zake, mudzi wake ndi nambala imene adapatsidwa. Nambalayo, osati dzina la Pillay, ndiyo imafikitsa mdzukulu kumudzi kwa agogo ake.