Uchi, zipatso ndi mtsuko: chakumwa chimene Thyolo anachilambalala

Mu Ogasiti 1953 boma la Thyolo, limene azungu ankalilemba kuti Cholo, linatekeseka chifukwa cha malalanje. Pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, eni munda anagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera inawanda m'midzi yoti ogwidwawo aphedwa, anthu anatuluka mwaunyinji, misewu inatsekedwa ndi mitengo, ndipo pamene chipolowecho chinkazizira m'maboma a kummwera, anthu 11 anali atafa. Mkwiyo weniweni unali pa malo, pa thangata ndi pa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba chaka chomwecho. Komabe sizinangochitika mwangozi kuti moto unabukira pa chipatso. Ku Thyolo, funso loti mtengo uwu ndi wa yani ndipo angathyolemo ndani lakhala lolemera kuyambira kale.

Funso lomwelo ndi limene likutithandiza kumvetsa chinthu china chodabwitsa. Boma ili lili ndi zipatso zosasimbika, lili ndi njuchi, lili ndi amayi odziwa kufulula mowa kuyambira makolo awo. Koma vinyo wa uchi wosakaniza ndi madzi a zipatso zofinya pakhomo, amene mitundu ina imanyadira, sanakhalepo chakumwa chodziwika nacho Thyolo. Zipangizo zonse zinali pakhomo, koma mbiri inazisiyanitsa.

Chakumwachi ndi chakale kwambiri. Ku Jiahu, m'dziko la China, akatswiri ofukula zakale anapeza mapale a mitsuko ya zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Gulu lotsogoleredwa ndi Patrick McGovern litayeza zimene zinamatirira m'mapalewo, linalengeza mu 2004 kuti munali chakumwa chowira chopangidwa ndi mpunga, uchi ndi zipatso. Ndiye kuti umodzi mwa maumboni akale zedi a mowa padziko lapansi ukusonyeza kale uchi ndi chipatso zili mumtsuko umodzi. Kuno ku Africa, Aitiyopiya ali ndi tej, vinyo wa uchi amene amaikamo timitengo ta gesho kuti aziwawirako. Axhosa a ku South Africa ali ndi iqhilika. Ku Tanzania kuli wanzuki. Akikuyu a ku Kenya amafulula muratina, ndipo chimene chimawiritsa mowa wawowo ndi chipatso cha mtengo umene ife timautcha mvunguti, chimene amachiwiritsa ndi kuchiumitsa kaye chifukwa chachiwisi ndi choopsa. Mvunguti womwewu tili nawo m'midzi mwathu, koma ife tinaupatsa ntchito ya mankhwala.

N'chifukwa chiyani anthu otalikirana chonchi onse ankaponya chipatso kapena muzu mu uchi? Yankho lili mu uchi momwemo. Pa magalamu 100 a uchi wokhwima, pafupifupi 80 ndi shuga, ndipo madzi safika 20. Uchi wotere sungawire. N'chifukwa chake umakhala zaka m'botolo osaonongeka. Ukauthira madzi, yisiti wachilengedwe amene ali m'zisa, pa makoko a zipatso ndi mumpweya amadzuka n'kuyamba kudya shuga uja, kumusandutsa mowa ndi thovu. Vuto n'lakuti uchi uli ndi shuga wambiri koma zina zimene yisiti amafuna kuti aswane, makamaka nayitirojeni, ndi zochepa. Uchi ndi madzi okha zimawira mwaulesi, nthawi zina n'kuima panjira, kutsala chakumwa chotsekemera mopitirira, chopanda mphamvu. Madzi a chipatso amabweretsa chakudya cha yisiti, kuwawasa kumene kumathyola kutsekemera, ndi fungo. Makolo a mitundu ija sankadziwa dzina la yisiti, popeza ntchito yake inadzalongosoledwa bwino ndi Louis Pasteur cha m'ma 1850, koma ankaona ndi maso kuti mtsuko wokhala ndi chipatso ukuwira msanga.

Tibwerere ku Thyolo. Azungu asanafike, mapiri ndi zigwa za kuno zinali nkhalango, ndipo Amang'anja ndi anansi awo ankafula uchi m'mphako za mitengo ndi m'ming'oma ya makungwa yopachika m'mwamba. Luso lotsata mbalame yolondolera ku njuchi silinali nthano: mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anasonyeza kuti Ayao ofula uchi ku Niassa, m'dziko la Mozambique, akaitana mbalameyi ndi kulira kwawo kwapadera, mwayi wopeza njuchi umakwera kwambiri. Ulimi wa njuchi wotere umafuna chinthu chimodzi chachikulu, nkhalango yoti munthu alowemo momasuka.

Chinthu chimenecho ndi chimene chinachoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, malo aakulu a m'mapiri a Shire anagwera m'manja mwa azungu ndi makampani awo. Anayamba ndi khofi, kenaka fodya, kenaka tiyi, amene anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje cha m'ma 1891 asanafalikire ku Thyolo. Njanji inadutsa pa Luchenza mu 1908. Maclean Kay anakhazikitsa Satemwa mu 1923, ndipo maina ngati Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Makwasa anakhala mbali ya chilankhulo cha tsiku ndi tsiku. Alomwe ochokera ku Mozambique, othawa nkhanza za Apwitikizi, analowa mwaunyinji n'kukhala pa malo a esiteti, kulipira lendi ndi thukuta lawo. Imeneyo ndiyo thangata, imene inadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Munthu wokhala pa malo a mwini, amene angathamangitsidwe chaka chilichonse, sabzala munda wa malalanje ndipo sapachika ming'oma makumi awiri. Amabzala chimanga, nandolo, chinangwa, zinthu zokolola msanga. Ndipo pali china chimene alendo odzajambula zithunzi za minda ya tiyi sachiganizira. Kubiriwira konse kuja, kwa njuchi ndi chipululu. Tiyi amathyoledwa nsonga kawirikawiri ndi kuduliridwa, choncho sapatsidwa mpata wochita maluwa ambiri. Nkhalango ya maluwa osiyanasiyana inalowedwa m'malo ndi masamba okhaokha. Chimene chinapulumutsako njuchi ndi mitengo ya bulugamu imene maesiteti anabzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi, tinkhalango totsala m'mphepete mwa mitsinje, ndi nkhalango ya phiri la Thyolo, imene nayonso inadzadulidwa pafupifupi yonse anthu osowa malo atalowamo kukalima.

Mowa wa anthu a kuno, tsono, unakhala wa mbewu. Masese a chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira, thobwa la ana ndi osamwa, ndi otheka wa Alomwe amene mpaka lero amamwedwa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Mowa wa mbewu unali ndi ubwino wake: umapsa m'masiku ochepa, umakhutitsa, ndipo ndi umene unkaitanira anthu kudima, pamaliro ndi pachinamwali. Vinyo wa uchi amafuna milungu, mwinanso miyezi. Wogwira ntchito pa esiteti, wolandira ndalama yochepa pakutha pa tikiti ya ntchito, analibe nthawi yodikira mtsuko miyezi itatu.

Kenaka kunabwera zinthu ziwiri zimene zinamaliza nkhaniyo. Choyamba ndi kachasu, luso lotcheza limene linakwera kuchokera kuchigwa cha Zambezi kumene Apwitikizi anakhala zaka mazana. Chachiwiri ndi shuga wa m'sitolo. Fakitale ya shuga itayamba ntchito ku Nchalo mu 1966, kunsi kwenikweni kwa mapiri a Thyolo, wofulula aliyense anapeza chotsekemera chotchipa, chosavuta kusunga, chosaluma. Gaga, shuga ndi madzi mumgolo, masiku angapo, kenaka moto ndi paipi. Uchi sukanapikisana nazo. Ngakhale zipatso zikalowa mu mowa, monga masau a ku Chikwawa, Nsanje ndi Tete, zinkathera mu kachasu, osati mu vinyo. Mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo mowa wa ulemu unakhala wa m'botolo lobiriwira. Wa pakhomo unatsala ndi dzina la umphawi.

Tisaiwale mipingo. Ku Makwasa kuli Malamulo, mishoni imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902, ndipo chiphunzitso chawo chokana mowa chinazika mizu m'midzi yambiri ya boma lino. Mipingo ina ya Chipulotesitanti inkadulanso Akhristu ofulula. M'mabanja otere uchi unakhala mankhwala a chifuwa ndi chothira m'phala, zipatso n'kukhala zodya ndi zogulitsa. Palibe cholakwika pamenepo, ndipo aliyense amene waona zimene kachasu amachita pa tsiku la malipiro sangawanyoze. Kungoti luso lowiritsa uchi linasowa poti likulire.

Zipatso zinadzachuluka pambuyo pa ufulu. Malo ofufuzira za ulimi a ku Bvumbwe, m'boma lomwe lino, ndiwo akhala likulu la kafukufuku wa zipatso ndi ndiwo zamasamba m'dziko muno. Thyolo anatchuka ndi nthochi: Thekerani, Molere ndi Masambanjati zinkadzaza malole opita ku Limbe ndi kupitirira. Mapeyala, mango, magwafa, mapapaya ndi zinanazi zochokera kwa anansi a ku Mulanje zinkasefukira m'misika ya Bvumbwe ndi Luchenza. Ndiye kunabwera chisaka, matenda a nthochi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, amene anaoneka m'Malawi cha m'ma 1990 n'kudzapululutsa minda ya Thyolo m'zaka zotsatira, mpaka dziko linayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Alimi anauzidwa kuzula zitsa zonse n'kuyambiranso ndi mbewu yopanda matenda. Koma ngakhale m'zaka za mavutozo, nyengo ya mango ndi magwafa ikafika, milu ya zipatso imawolera pansi pa mitengo chifukwa aliyense ali nazo ndipo wogula palibe.

Kwina m'dziko muno anthu anayesa kale njira ina. Vinyo wa Linga ku Lilongwe anayamba ngati ntchito ya pakhomo, ndipo lero amapangidwa ndi zipatso monga jambula, magwafa, mabulosi, mapichesi ndi chidede. Ku Karonga, amayi a kopaletivi ya Twitule amasandutsa nthochi zakupsa kwambiri kukhala vinyo. Chimene Thyolo ali nacho choposa ndi njuchi zobwerera. Maesiteti ambiri tsopano ali ndi minda ya makadamiya, mtengo umene umachita maluwa ochuluka ndipo umabereka bwino njuchi zikamauyendera. Tsopano mwini esiteti ndi mlimi wa njuchi akufunana.

Amene akufuna kuyesa adziwe chifukwa chake madzi ofinya wekha amaposa ogula. Zakumwa zambiri za m'mabotolo ndi m'mapaketi zimathiridwa mankhwala oletsa kuonongeka, ndipo ntchito ya mankhwalawo ndi kulepheretsa yisiti yemweyo amene ukumufuna. Chipatso cha m'munda chilibe zimenezo, koma chili ndi zake. Chinanazi ndi lalanje zimafinyika mosavuta ndipo zimabweretsa kuwawasa kokwanira. Mango ndi gwafa zimatulutsa phala, osati madzi, choncho zimafuna kusefa ndi nsalu yoyera kangapo, ndipo vinyo wake amachedwa kuyera. Nthochi ndiyo yovuta koposa. Anthu a ku Rwanda ndi Uganda amaikanya pamodzi ndi udzu kuti madzi alekane ndi phala. Chipatso chikhale chakupsa koma chosawola, chifukwa nkhungu ikalowa palibe chobweza. Muyeso wodziwika ndi gawo limodzi la uchi pa magawo atatu kapena anayi a madzi ndi madzi a chipatso pamodzi. Madzi akumwa awiritsidwe n'kuzizira kaye. Chigubu chikhale chotsuka bwino, chosasungirapo mafuta kapena mankhwala a m'munda, chotsekedwa koma chokhala ndi kapaipi kolowa m'botolo la madzi kuti mpweya uzituluka osabwerera. Mpweya wakunja ukalowa, vinyo amasanduka viniga. Thovu likaleka, amatsanulira m'chigubu china kusiya nsenga pansi, n'kudikiranso. Apa ndi pamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothira m'botolo msanga, kuwira kusanathe, botolo limamuphulikira m'nyumba.

Ukhondo si nkhani yokometsera. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pamaliro. Poyamba anthu ankanena za ndulu ya ng'ona, koma kuyeza kunasonyeza poizoni wochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga woonongeka. Ndipo vinyo wa zipatso asatchezedwe pakhomo ngati kachasu, chifukwa kutcheza kumaunjika pamodzi zoipa zimene mu vinyo zimakhala zochepa.

Wofuna kugulitsa ayambire ku khonsolo ya boma kukatenga chiphaso monga lamulo la mowa likunenera, ndipo katundu wake akayezedwe ndi a Malawi Bureau of Standards. Kwa alangizi a zaulimi, makopaletivi a njuchi ndi akatswiri a ku Bvumbwe, pempho ndi ili: pophunzitsa alimi kupachika ming'oma ndi kubzala nthochi zatsopano, aphunzitseninso chochita ndi uchi ndi zipatso zimene msika wakana.