Nkhonya za pa Kanema: Momwe Kung Fu Inafikira ku Petauke ndi Nyimba

Kung fu inalowa m'dziko la Ansenga, m'maboma a Petauke ndi Nyimba, yopanda mphunzitsi, chifukwa inabwera kudzera pa kanema osati pa bwalo lophunzirira, ndipo zimenezi ndizo zinaumba maganizo a anthu pa luso limeneli. M'Chitchaina, mawu akuti kung fu satanthauza ndewu, koma ukatswiri uliwonse umene munthu amaupeza atakhetsa thukuta kwa zaka zambiri, pamene dzina lenileni la maluso omenyera ndi wushu. Komabe m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Great East zonsezi zimangotchedwa karate, ngakhale kuti karateyo kwawo ndi ku Okinawa, m'dziko la Japan.

Derali silinali lachilendo pa nkhani ya kumenyana mwaluso. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu November 1835, pa tsiku la kadamsana, anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto, ndipo mwana wake Mpezeni atabwerera, ankhondo ake anasautsa midzi ndi chishango chachikopa, chibonga ndi nthungo yaifupi yobayira mdani chapafupi. Mphamvu imeneyi inatha mu 1898 pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni ndi kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni, kotero kuti zida zija zinasanduka zovinira ngoma, ndipo m'midzi munangotsala kugwetsana kwa anyamata oweta ng'ombe kudambo.

Ubale wa Zambia ndi China unayamba mu October 1964, ndipo Atchaina ambiri anabwera kudzamanga njanji ya TAZARA pakati pa 1970 ndi 1975, koma njanjiyo inalowera kumpoto osakhudza Chigawo cha Kum'mawa. Amene anafika m'malo mwawo, kudzera pa kanema, anali Bruce Lee, yemwe anaphunzira mtundu wa Wing Chun kwa Ip Man ku Hong Kong ndipo anamwalira mu 1973, chaka chimene filimu yake ya Enter the Dragon inatuluka. Kenaka kunabwera Jackie Chan ndi Drunken Master ya 1978, ndi Jet Li ndi Shaolin Temple ya 1982. Matepi a vidiyo atafala, kanyumba koonetsera mafilimu kanakhala sukulu yosalembetsa: mabenchi a matabwa, mazenera otchinga ndi masaka, jenereta ikulira kuseri, dzina la filimu lolembedwa ndi choko pakhomo, ndi ana osowa ndalama akusuzumira pa mng'alu wa chitseko. Filimu ikatha, ophunzirawo ankakayesa zimene aona pa mitengo ya nthochi, imene ku Nyimba sisowa, ena n'kulumikiza timitengo tiwiri ndi tcheni cha njinga kuti afanane ndi Bruce Lee, ndipo nthawi zambiri woyamba kutupa pamutu ankakhala mwini chidacho.

Kanema anaonetsa mapeto a maphunziro n'kubisa chiyambi chake. Ku nyumba ya amonke ya Shaolin, imene inamangidwa mu 495 m'chigawo cha Henan, wophunzira amayamba ndi mabu, kutanthauza kuima motangadza miyendo ndi kupinda mawondo ngati wakwera kavalo, mpaka ntchafu zitanjenjemera, popeza mphamvu ya nkhonya imachokera pansi, kudutsa m'chiuno, isanafike pa dzanja. Pambuyo pake amaloweza taolu, mndandanda wa mayendedwe ochita yekha popanda mdani, ndipo pokhapokha akalowa mu sanda, kumene anthu awiri amamenyana zenizeni ndi nkhonya, mateche ndi kugwetsana, ndi pamene amadziwa ngati zimene analowezazo zili ndi ntchito. Apa m'pamene pagona vuto la kudziteteza pamsewu: theche louluka limakongola pa kanema chifukwa womenyedwayo anauzidwiratu pogwera, pamene woukira munthu usiku pa siteshoni ya basi sauzidwa kanthu, kawirikawiri sakhala yekha, ndipo angathe kukhala ndi mpeni. Malamulo a Zambia nawonso amalola munthu kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi choopsacho basi, moti wopitiriza kumenya mdani amene wagwa kale amasanduka wolakwa iye mwini.

Aphunzitsi enieni a kung fu anachedwa kwambiri, koma m'maluso ena anafika msanga: judo inafalitsidwa m'Zambia ndi wansembe wa ku Ireland, Bambo Jude McKenna, pamene nkhonya zinali kale ndi ngwazi monga Lottie Mwale. Ku Malawi, malo osamalira ana amasiye a Amitofo ku Blantyre, amene anayambitsidwa ndi mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, anaika kung fu m'maphunziro a tsiku ndi tsiku. Ku Zambia, likulu la chikhalidwe cha Shaolin linakhazikitsidwa ku Lusaka mu 2021, ndipo mu June 2023 mzindawo unachititsa mpikisano woyamba wa kung fu ya Shaolin wa mayiko a mu Africa. Likululi lili pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Nyimba ndi pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke, kutsidya kwa mlatho wa Luangwa, kotero kuti kwa achinyamata ambiri a kwa Mfumu Kalindawalo ndi kwa Mfumu Ndake mphunzitsi wapafupi akadali kanema, amene tsopano anasamukira m'foni ya m'manja.